Chikondi ndi Denga mu Lusaka

Mtsikana wa mu Lusaka akamakonzekera ukwati amakamba za mtima wake, pamene alangizi omukhazika pamphasa amakamba za nyumba, za apongozi ndi za kupirira. Ambiri amati ukalamba ndi umene umaziziritsa chikondi. Koma zimene amayiwa amanena anaziphunzira ku mbiri ya mzindawu. Lusaka atakhala likulu mu 1935, atsamunda ankaona munthu wakuda ngati mlendo wodzagwira ntchito, woti tsiku lina adzabwerera kumudzi. Tinyumba tozungulira taudzu ta ku Kabwata, tomwe tina tidakalipo ku Kabwata Cultural Village, anamangira amuna opanda mabanja, pamene Woodlands ndi Kabulonga kunali kwa azungu. Lamulo loganizira nyumba za antchito okwatira linabwera mu 1948, ndipo mpaka 1963 anthu akuda sankaloledwa kumangitsa ukwati wa kuboma. Mkazi wotsatira mwamuna wake kutauni ankagona m'nyumba ya abwana: ntchito ikatha, denga lapita.

Ufulu wa 1964 unatsegula madera onse, koma mantha a mkazi sanathe. Mwamuna akamwalira, achibale ake ankasesa m'nyumba, kutenga mipando, wailesi ngakhale mapoto. Lamulo la chuma chamasiye, lopatsa mkazi magawo 20 pa 100 ndi ana magawo 50, linadza mochedwa, mu 1989. Amayi amene lero akuyimba ng'oma pa kitchen party ku Chelstone anaona ndi maso awo amayi awo kapena azakhali awo akutuluka m'nyumba ndi chitenje chokha. Akamafunsa ngati mnyamatayo ali pantchito, ngati kwawo kukudziwika, ngati malowolo aperekedwa pamaso pa ankhoswe, sakunyoza chikondi ayi. Akuchifunira mboni ndi pogona.

Wina anganene kuti uphungu womwewu wasunga akazi ambiri m'maukwati ankhanza, mpaka anthu kumatcha ukwati shipikisha club, gulu la opirira. Zimenezi n'zoona, ndipo zimawawa. Komatu kupirira kunalalikidwa kwambiri pamene mkazi analibe kolowera, ndipo chiyambire lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2011, mlangizi wouza mwana kuti abise mabala akuphunzitsa zimene dziko linazikana. Mtsikana wa malipiro ake, wokhoza kuchita lendi yekha ku Kabwata, angathe kukwatiwa chifukwa cha chikondi m'njira imene agogo ake sakanatha, ndipo funso la alangizi lakuti nyumbayo ili m'dzina la yani limamuthandizabe.