Mbiri ya mmene mapulogalamu a C amapezera adiresi pa intaneti

Wogulitsa nsomba wa pa Chia, m'boma la Nkhotakota, akafuna kuonetsa makasitomala a ku Lilongwe chambo chake pa Facebook, foni yake imayamba yafunsa kaye kuti dzina la facebook.com lili pa nambala iti. Anthufe timakumbukira mayina, koma makina amapezana kudzera m'manambala otchedwa adiresi ya IP. Nthawi zambiri funsoli limadutsa m'malangizo olembedwa m'chinenero cha C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs cha m'ma 1972.

M'zaka za m'ma 1970, pa netiweki ya ARPANET ku America, makompyuta anali owerengeka. Mayina ndi manambala awo ankalembedwa m'fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, imene gulu la Elizabeth Feinler linkasunga ku Stanford Research Institute. Inali ngati kaundula wa nyakwawa, wokwanira mudzi ukadali waung'ono. Makina atachuluka, fayiloyo inkatha ntchito ena asanamalize n'kuikopera komwe.

Mu 1983 zinthu ziwiri zinasintha. Paul Mockapetris anakonza DNS, njira yogawa ntchitoyi kuti bungwe lililonse lizisunga mayina ake n'kumayankha likafunsidwa. Chaka chomwecho yunivesite ya California ku Berkeley inatulutsa 4.2BSD, mtundu wa Unix umene unali ndi lamulo la gethostbyname. Wolemba pulogalamu ankangolipatsa dzina, ilo n'kubweza adiresi. Poyamba linkawerenga fayilo ya m'kompyuta momwemo, kenako linalumikizidwa ndi DNS.

Lamuloli linatumikira zaka zambiri, koma linali ndi zilema ziwiri. Choyamba, linkaika yankho pamalo amodzimodzi nthawi zonse, moti funso lachiwiri linkafufuta yankho loyamba. Pulogalamu yochita ntchito zingapo pakamodzi inkatha kutenga adiresi yolakwika. Chachiwiri, linapangidwira IPv4, imene adiresi yake ndi ya mabiti 32, kutanthauza maadiresi pafupifupi 4.3 biliyoni basi. IPv6, ya mabiti 128, itafotokozedwa mu 1995, zinaonekeratu kuti pakufunika lamulo lina.

Ndiye kunabwera getaddrinfo, imene inalembedwa m'chikalata cha RFC 2133 mu 1997. Iyo imalandira dzina la kompyuta ndi la ntchito imene mukufuna, n'kubweza mndandanda wa maadiresi, a IPv4 ndi a IPv6 omwe. Pulogalamu imayesa imodziimodzi mpaka italumikizana, ikatero n'kumasula mndandandawo ndi freeaddrinfo. Inzake, getnameinfo, imayenda chobwerera, kuchoka pa nambala kupita ku dzina. Muyezo wa POSIX, umene mitundu ya Unix imatsatira, unalandira malamulowa mu 2001, ndipo mu 2008 unachotsamo gethostbyname.

Nthawi yonseyi Malawi nayenso anali akulowa m'dongosololi. Dzina la dziko lathu pa intaneti, .mw, linakhazikitsidwa mu 1997, ndipo kuyambira 2002 limayendetsedwa ndi bungwe la Malawi SDNP. Maadiresi amene makampani monga TNM ndi Airtel amagwiritsa ntchito amagawidwa ndi AFRINIC, bungwe la ku Mauritius limene linavomerezedwa mu 2005 kuti lizitumikira Africa. Pa 3 February 2011, bungwe la IANA, limene limagawira mabungwe monga AFRINIC, linagawa zigawo zomaliza za maadiresi a IPv4. Maiko amene anachedwa kulowa pa intaneti, monga lathuli, anapeza ambiri atatengedwa kale, choncho IPv6 ikutikhudza ifenso.

Si kuti lamulo latsopano la getaddrinfo lilibe vuto. Mu January 2015 kampani ya Qualys inaulula chibowo chotchedwa GHOST mu gethostbyname ya glibc, limodzi mwa magulu a malangizo a C, ndipo mu February 2016 china chinapezeka mu getaddrinfo yomwe. Zonse zinatsekedwa, koma zinaphunzitsa anthu kuti yankho lochokera pa netiweki si lolikhulupirira mwachimbulimbuli.

Mabuku akale ambiri akuphunzitsabe gethostbyname. Inu ophunzira a ku MUBAS, UNIMA ndi Mzuni, lembani ndi getaddrinfo, yesani adiresi iliyonse imene yabwezedwa, ndipo konzekerani kuti kumene netiweki imadukaduka, yankho likhoza kuchedwa kapena osabwera n'komwe.