Mbendera ndi misozi m'nyimbo za country

Usiku wa pa 7 November 2001, pamwambo wopereka mphoto kwa oimba nyimbo za country ku Nashville, Alan Jackson anakhala pampando ndi gitala wake n'kuimba nyimbo yatsopano yotchedwa "Where Were You". Panali pasanathe miyezi iwiri chigwetsere zigawenga nyumba zosanja za ku New York. Nyimboyo sinalankhule zobwezera. Inangofunsa omvera komwe anali m'mawa wa tsokalo ndi zomwe anachita atamva. Chaka chotsatira Toby Keith anatulutsa "Courtesy of the Red, White and Blue", yaphokoso ndi yaukali, youza adani a America kuti awona zakuda. Zonse ziwiri zinafika pa nambala wani.

Kusiyana kumeneku sikunayambe ndi anthu awiriwa. Kwa zaka zambirimbiri nyimbo za country zakhala ndi mawu okweza mbendera komanso mawu otsika olira zam'nyumba, ndipo kawirikawiri onsewa amatuluka pakamwa pamodzi.

Gwero lake ndi amphawi akumwera kwa America: alimi, okumba malasha ndi ogwira ntchito panjanji. Wailesi ya WSM ya ku Nashville inayamba kuulutsa nyimbo zawo mu 1925, pa pulogalamu imene inadzatchedwa Grand Ole Opry. Mu 1927 Ralph Peer anajambula Jimmie Rodgers ndi banja la a Carter m'tauni ya Bristol. Ankaimba za imfa, za mayi, za tchalitchi ndi za sitima. Mabanja a amphawi omwewa ndiwo akhala akupereka ana ambiri ku usilikali, choncho nkhondo kwa iwo si nkhani yongowerenga m'nyuzipepala.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili m'kati, mu 1942, Elton Britt anaimba "There's a Star-Spangled Banner Waving Somewhere", ya mnyamata wolumala mwendo wopempha kuti naye amulole akamenyere dziko lake. Mbale zake zinagulidwa zoposa miliyoni imodzi. Patatha zaka ziwiri Ernest Tubb anabwera ndi "Soldier's Last Letter". M'menemo mulibe chisangalalo cha kupambana, muli mayi akuwerenga kalata yomaliza ya mwana wake manja akunjenjemera.

Kufewa kwenikweni kunadza chifukwa cha malonda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 achinyamata anatengeka ndi Elvis Presley, mbale za country zinasiya kuyenda. Akatswiri awiri ojambula nyimbo, Chet Atkins wa ku RCA ndi Owen Bradley wa ku Decca, anachepetsa zing'wenyeng'wenye zakumudzi zolira mokwera n'kuikamo piyano, mavayolini oyenda pamodzi ndi oimba ovomera chapansipansi. Jim Reeves, yemwe poyamba ankaimba mokuwa, anayamba kusendeza milomo pafupi kwambiri ndi maikolofoni, mawu akutuluka motsika ngati akunong'oneza munthu mmodzi yekha. Mu "He'll Have to Go" ya 1959, mwamuna ali pamalo omwera mowa akuimbira foni mkazi amene ali ndi wina, ndipo sakalipa, akungochonderera. Patsy Cline anatsata njira yomweyo ndi "Crazy" mu 1961, nyimbo yopeka Willie Nelson.

Nkhondo ya ku Vietnam ndiyo inagawa anthu poyera. Ophunzira a m'mayunivesite ankachita zionetsero zokana nkhondo, pamene ana a anthu wamba ankatumizidwa kukafa. Merle Haggard, amene anakhalako m'ndende ya San Quentin, anayankha ndi "Okie from Muskogee" mu 1969 ndi "The Fightin' Side of Me" mu 1970, zodzudzula onyoza dziko. Anthu amene ankadziona kuti akunyozedwa ndi ophunzira am'tauni anamutenga ngati mneneri wawo. Koma Haggard yemweyo mu 1973 anaimba "If We Make It Through December", ya bambo wochotsedwa ntchito pafakitale Khirisimasi itayandikira, wopanda chogulira mwana wake wamkazi.

Ena anaiona nkhondoyo ali kukhitchini ndi kuchipinda. Loretta Lynn, mwana wa wokumba malasha wa ku Kentucky, anaimba "Dear Uncle Sam" mu 1966: mkazi akuuza boma kuti nayenso akumufuna mwamuna amene lamutenga, kenaka kukubwera uthenga wa maliro. Mu 1969 Kenny Rogers anatchukitsa "Ruby, Don't Take Your Love to Town", yopeka Mel Tillis, ya msilikali wobwerako kunkhondo miyendo itafa, akuyang'ana mkazi wake akudziphoda kuti atuluke usiku. Ndipo mmodzi mwa opeka nyimbo zofewa kwambiri m'nyengoyo, Kris Kristofferson, anali kaputeni wa asilikali woyendetsa helikopita asanasiye zonse n'kupita ku Nashville, kumene anayamba ndi kusesa mu situdiyo. "Help Me Make It Through the Night" ndi yake.

Nyimbo imene yakhala ngati yafuko yachiwiri ndi "God Bless the USA" ya Lee Greenwood, ya 1984. Inamveka pamsonkhano waukulu wa chipani cha Ronald Reagan chaka chomwecho, inadzukanso pankhondo ya ku Gulf mu 1991 komanso zigawenga zitaukira mu 2001, ndipo Donald Trump wakhala akulowa nayo pamisonkhano yake. Nyimbo zambiri zamtunduwu zimakhala moto wamapesi, kulilima nkhondo ikayamba n'kuzima mkwiyo ukatha. Ya Greenwood yakhalitsa chifukwa simutchulidwa mdani aliyense, kotero imakwanira pamwambo uliwonse.

Mtengo wotsutsana ndi mbendera unaoneka mu March 2003. Gulu la amayi atatu la Dixie Chicks linali ndi "Travelin' Soldier", nyimbo yachifatse ya mtsikana wolemberana makalata ndi msilikali amene sanabwerere kuchokera ku Vietnam. Akuimba ku London masiku ochepa nkhondo ya ku Iraq isanayambe, mmodzi wa iwo, Natalie Maines, ananena kuti akuchita manyazi kuti Pulezidenti George W. Bush ndi wakwawo ku Texas. Mawailesi ambiri a country anasiya kuwaika, anthu ena anaphwanya zimbale zawo pagulu, ndipo nyimbo imene inafika pa nambala wani mwezi womwewo inagwa msangamsanga. Mmodzi mwa amene anawaikira kumbuyo anali Haggard, yemwe mu 2005 anaimba "America First" yopempha kuti asilikali achoke ku Iraq. Mu 2007 amayiwo analandira mphoto zisanu za Grammy, koma mawailesi a country sanawabwezere malo awo akale.

Kuno kwathu tinalandira mbali imodzi yokha ya mbiri imeneyi. Jim Reeves anakaimba ku South Africa mu 1962, ndipo ngakhale anafa pangozi ya ndege mu 1964, mawu ake sanachoke pamawailesi akummwera kwa Africa. Don Williams anadzaimba ku Harare mu 1997, anthu anamulandira ngati mbale wawo. Funsani munthu wachikulire ku Blantyre, ku Chipata kapena ku Lusaka za country, akutchulirani Reeves, Williams, Dolly Parton ndi Kenny Rogers. Wodziwa Lee Greenwood simumupeza msanga. Chifukwa chake n'chosavuta: kuti nyimbo ya mbendera ikukhudze, mbenderayo iyenera kukhala yako, pamene kuchotsedwa ntchito mu December, kusiyidwa ndi mkazi kapena kudikira mwana amene anapita kutali, aliyense amazidziwa popanda kumasuliridwa.