Mafunso ndi Mayankho: Kodi a.m., p.m. ndi "koloko" zidachokera kuti?

FUNSO: Ndine mlembi wa gulu lathu la banki m'khonde kuno ku Nyambadwe. Mwezi watha tidaitana mlangizi wa bizinesi wochokera ku Limbe, ndipo m'kalata ndidalemba kuti adzafike "next Friday at 12 a.m." Bamboyo adaimba foni kufunsa ngati tikufuna abwere pakati pa usiku, komanso kuti Lachisanu lake ndi liti. Ndidachita manyazi kwambiri. Kodi a.m. ndi p.m. zidachokera kuti, nanga 12 koloko masana timalemba bwanji? — Mayi wa ku Nyambadwe, Blantyre

YANKHO: Pepani mayi, koma musadziderere. Eni Chingerezi omwe amasokonezeka pamenepa. Zilembozi si Chingerezi n'komwe, ndi Chilatini, chiyankhulo cha Aroma akale. Zilembo a.m. zikuimira ante meridiem, kutanthauza kuti dzuwa lisanafike paliwombo, pomwe p.m. ndi post meridiem, dzuwa litapendeka. Nanga 12 koloko yeniyeniyo, dzuwa lili paliwombo penipeni, tiiika mbali iti? Silinapendeke, komanso sitinganene kuti silinafike. Mafoni ndi makompyuta amangoonetsa 12 p.m. masana ndi 12 a.m. pakati pa usiku, n'chifukwa chake mlangizi wanu adadabwa. Langizo langa ndi lakuti pa 12 musamaikepo zilembozi. Lembani "12 noon" ngati ndi masana, "midnight" ngati ndi pakati pa usiku.

Koma cholakwika chachikulu m'kalata yanu, mmene ndikuonera ine, chili pa "next Friday". Mukalemba mawuwa Lachiwiri, wina amva Lachisanu la sabata yomweyo, wina amva la sabata yotsatira, ndipo onse awiri ali ndi chifukwa chomveka. Apa Chichewa chathu chimaposa Chingerezi: "Lachisanu likubwerali" ndi "Lachisanu la sabata yamawa" sizisokonekera, ndipo tili ndi mawa ndi mkuja, dzulo ndi dzana, pomwe Mngerezi amafunika mawu anayi kuti anene mkuja. Choncho polemba m'Chingerezi ikani tsiku, deti ndi dzina la mwezi. Mweziwo muzilemba m'mawu, chifukwa 4/5 kuno ndi ku Britain ndi pa 4 Meyi, koma kwa munthu wa ku America ndi pa 5 Epulo. Pa ola pamakhala "at", pa tsiku "on", pa mwezi wokha "in". Mukadalemba kuti "Could you meet us on Friday, 14 March, at 12 noon?" foni ija sikadalira.

FUNSO: Agogo anga sadapite kusukulu koma amati "teni koloko". Kodi "koloko" ndi Chichewa? — Wowerenga wa ku Ndirande

YANKHO: Lero ndi Chichewa ndithu, achimwene, pakuti tidalilandira ndipo lidakhazikika. Koma kwawo ndi ku mawu a Chingerezi akuti "o'clock", omwe ndi chidule cha "of the clock", kutanthauza kuti malinga ndi wotchi. Nalo liwu lakuti "clock" limachokera ku liwu la Chilatini cha pambuyo pake, clocca, lomwe ndi belu. Mawotchi oyamba a m'matchalitchi a ku Ulaya ntchito yawo yaikulu idali kuliza belu kuti mudzi wonse umve.

Makolo athu sadali osadziwa nthawi ayi. Ankapangana kuti tinyamuke tambala woyamba akalira, tikumane mbandakucha, mlandu ukambidwe dzuwa likapendeka, mubwereko nkhuku zisanalowe m'khola. Nthawi yotereyi imakwanira bwino pa ntchito ya kumunda, pa maliro ndi pa bwalo la mfumu. Nthawi ya manambala idafika ndi anthu ofuna kuti gulu lalikulu liyambe chinthu pamodzi. Mu 1876 amishoni a Church of Scotland adakhazikitsa mishoni ya Blantyre, pafupi ndi Nyambadwe pomwepa, pamene tchalitchi cha St Michael and All Angels chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Sukulu, mapemphero ndi ntchito za pamishoni zinkafuna ola lodziwika. Kenaka padabwera kampani ya African Lakes, yomwe nyumba yake ya Mandala ya mu 1882 ilipobe, minda ya azungu, ndi sitima yapamtunda yomwe idafika mu Blantyre mu 1908. Sitima sidikira kuti dzuwa lipendeke. Ngakhale ku Britain komweko tauni iliyonse idali ndi nthawi yakeyake, ndipo makampani a njanji ndiwo adayamba kutsatira nthawi imodzi ya ku London m'zaka za m'ma 1840, lamulo n'kudzatsimikiza mu 1880.

Umboni wina wa momwe ntchito za azungu zidasinthira nthawi yathu uli pakamwa pathu tsiku lililonse. Tamvetserani maina a masiku. Loweruka ndi tsiku loweruka pantchito. Lolemba ambiri amalimasulira kuti ndi tsiku lolemba anthu ntchito. Lachiwiri mpaka Lachisanu tikungowerenga masiku ogwira ntchito, kenaka Lamulungu, tsiku la mapemphero. Ine mainawa amandikhudza mtima, chifukwa mumaona agogo athu atandanda pamzere kudikira kapitawo awalembe, ndipo sabata yathu yonse idaumbidwa pamenepo.

Polemba Chingerezi kumbukirani kuti "o'clock" amayenda ndi ola lathunthu lokha. "Ten o'clock" ndi zolondola, "10:30 o'clock" ayi. Chenjeraninso ndi Mngerezi akati "half three": akunena 3:30. Koma abale athu ali ku Joni ndi ku Cape Town adziwe kuti mu Afrikaans "half drie" ndi 2:30, ola lathunthu kusiyana. Komwekonso bwana akati "just now" sakunena pompano, akhoza kubwera patapita maola. Amalonda opita ku Dar es Salaam ali ndi zawo ziwiri: wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi, ndipo m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, kotero "saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa.

FUNSO: Pa makadi a ukwati pamalembedwa RSVP, kenaka maina ndi manambala a foni. Zikutanthauzanji? — Mtsikana wa ku Chilomoni

YANKHO: Ndi Chifalansa, achemwali: répondez s'il vous plaît, "chonde yankhani". Manambalawo adaikidwa kuti muimbe kunena ngati mubwera kapena ayi, kuti ophika adziwe mpunga woti athire mumphika. Ambiri timangowaona ngati manambala ofunsira njira.

FUNSO: Ndikufuna kukaonana ndi mkulu wa ofesi ina m'tauni pa nkhani ya ntchito. Ndilembe "meeting" kapena "appointment"? Mnzanga akuti ndiyambe ndi "I humbly beg" kuti ndioneke waulemu. — Mnyamata wa ku Bangwe

YANKHO: "Appointment" ndi nthawi imene munthu wakusungirani inuyo, monga dokotala, loya kapena mkulu wa ofesi. Liwuli lidalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa chakale, ndipo muzu wake ndi "point", malo enieni osaphonya. "Meeting" ndi msonkhano kapena kukumana kokambirana. Inu mukufuna "appointment".

Za mnzanuyo ndikumvetsa, pakuti ife tidaleredwa kuti kwa wamkulu sufika ndi mawu owuma. Timayamba ndi odi, malonje, kenaka nkhani. Mwambowu ndi wabwino ndipo tisautaye. Koma ulemu wa Chingerezi cha m'maofesi a lero umakhala m'mawu ochepa: "could", "would" ndi "please". Ndidaonapo kalata ya mnyamata wanzeru, yodzaza tsamba lonse ndi mawu odzichepetsa, koma osatchula tsiku limene angathe kubwera. Kalatayo idangokhala m'failo, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Inu lembani dzina lanu, chimene mukufuna m'chiganizo chimodzi, ndi masiku awiri oti mkuluyo asankhepo. Akakupatsani tsiku, yankhani pobwereza tsikulo, ola ndi malo, kuti ngati pali kusamvana kuonekere nthawi ikadalipo.

Tsikulo likafika, mwana wanga, werengerani mzere wa galimoto wa pa Chichiri ndi pa Ginnery Corner. Ngati akuuzani 9 koloko, muchoke ku Bangwe 7 isanakwane.