Nkhokwe ya Chimanga Yomwe Inasanduka Nyumba ya Zaluso

Mnzanga wina ku Cape Town atandiuza kuti tipite tikaone chionetsero cha zaluso zamakono, ndinamuseka. Ndinkaona ngati zimenezo n'za azungu ndi anthu okhuta. Ndinangovomera chifukwa linali Lachitatu m'mawa, nthawi yomwe nzika za mayiko a mu Africa zinkalowa ulere ku Zeitz MOCAA. Munali mu 2023. Ndinatulukamo nditaphunzira mbiri yomwe sindinaimvepo m'kalasi, ndipo mphunzitsi wake anali nyumbayo.

Nyumbayi inali nkhokwe ya chimanga. Inamalizidwa kumangidwa mu 1924 padoko la mzindawu, ndipo pa msinkhu wa mamita 57 inali nyumba yaitali kuposa zonse kumwera kwa chipululu cha Sahara. Chimanga cha m'minda ya kumtunda chinkabwera pa sitima yapamtunda, n'kusungidwa m'menemu podikira sitima zapamadzi zopita nacho kunja. Nkhokweyi inasiya kugwira ntchito mu 2001. Kenako katswiri wa ku Britain, Thomas Heatherwick, anaikonza kukhala nyumba yoonetseramo zaluso za anthu a ku Africa, ndipo inatsegulidwa mu September 2017.

Mkati mwake munali migolo ikuluikulu 42 ya konkire yoimirira mothithikana. Heatherwick sanaigwetse yonse. Anatenga maonekedwe a njere imodzi ya chimanga, n'kuwakulitsa, ndipo amisiri anaboola migoloyo motsata maonekedwewo. Ukalowa umaima pakati pa mphako yaikulu yooneka ngati njere, kuwala kukutsika kuchokera kudenga. Ine amene ndinakula ndikukwera m'nkhokwe ya agogo kukatapa chimanga ndinangoti kukamwa yasa.

Nditadekha ndinayamba kudzifunsa kuti chimangacho chinali cha yani. Zaka 11 nkhokweyi isanamalizidwe, lamulo la malo la 1913 linasiyira anthu akuda pafupifupi magawo 7 okha mwa magawo 100 a dziko la South Africa. Ambiri anasanduka antchito m'minda ya azungu. Choncho nkhokwe inkadzaza, koma olima chimangacho analibe munda wawowawo. Ngakhale doko lenilenilo lili ndi mbiri yowawa: khoma lotchinga mafunde, lomwe linayambika mu 1860, linamangidwa ndi akaidi, ndipo ndende yawo lero muli sukulu ya zamalonda ya yunivesite ya Cape Town. Pafupi pomwepo ndi pokwerera boti lopita ku Robben Island.

Ndi maganizo amenewa ndinakwera kukaona chionetsero cha When We See Us, chomwe anakonza Koyo Kouoh, mayi wobadwira ku Cameroon amene ankatsogolera nyumbayi kuyambira mu 2019 mpaka pamene anamwalira mu 2025. Munali zithunzi zopenta za zaka 100, momwe anthu akuda akudzijambula okha. Ndinkayembekezera nkhope zachisoni ndi ana anjala monga timaonera pa TV. M'malo mwake ndinaona anthu akuvina, akupumula, akupemphera, akucheza pakhomo. M'nyumba yomangidwa pa nthawi imene munthu wakuda ankangowerengedwa ngati manja ogwira ntchito, tsopano nkhope yake ndiyo inali pakhoma. Mnzanga anandikumbutsa kuti Mmalawi mnzathu Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Chancellor College, anaonetsa mafilimu ake aafupiafupi m'nyumba yomweyi itangotsegulidwa.

Pali amene amadandaula, ndipo ali ndi mfundo. Nyumba ya zaluso za Africa ili ndi dzina la Jochen Zeitz, Mjeremani amene anali mkulu wa kampani ya Puma, ndipo anailemba mapulani ndi Mngelezi. Pamwamba pake pali hotela yodula. Wa ku Khayelitsha amene amagwira ntchito Lachitatu m'mawa, ulere uja sumufika. Funso lakale lija, lakuti za m'nkhokwe amadya ndani, silinathe.

Komabe sindikuona kuti yankho n'kukhala panja monga ndinkafunira poyamba. Tikasiya malo otere kuti n'nga ena, mbiri yathu adzaifotokoza enawo. Chofunika n'kulowa, kuyang'ana zithunzi, kenako kuyang'ananso makoma n'kufunsa: anamanga ndani, ndi ndalama za yani, ndipo anatsekeredwa kunja ndani? Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuti muyambe simukufunika pasipoti. Ku Blantyre kuli Mandala House, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo m'menemo mumaonetsedwa zojambula za Amalawi. Ndinaidutsa kambirimbiri pa minibasi osaganizako zotsika. Nditabwerako ku Cape Town ndinakalowa, ndipo ndisanayang'ane chithunzi chilichonse ndinayamba ndagwira njerwa zake, n'kudzifunsa za anthu amene anaziumba.