Cross stitch

Cross stitch ndi njira yopetera nsalu imene wopeta amasoka timizere tiwiri ta ulusi topingasana ngati chilembo cha X. Timitanda timeneti tikachuluka, tonse tofanana kukula, timapanga chithunzi, maluwa kapena mawu. Luso lake lagona pa kuwerenga. Nthawi zambiri nsalu imakhala yopanda chojambula chilichonse, ndipo wopeta amatsatira patani ya papepala imene kabokosi kalikonse kamaimira kamtanda kamodzi.

Mbiri

Mabuku osindikizidwa a mapatani opetera anayamba kutuluka ku Germany ndi ku Italy m'zaka za m'ma 1520. Ku England atsikana ankaphunzira kupeta pa kansalu koyeserera kotchedwa sampler. Kakale kwambiri ka ku Britain kokhala ndi chaka ndi kamene Jane Bostocke anapeta mu 1598, ndipo kali ku Victoria and Albert Museum mumzinda wa London. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, amalonda a ku Berlin anayamba kugulitsa mapatani a timabokosi topakidwa utoto pamanja, ndipo mapatani a masiku ano anatengera pamenepo.

Kwa anthu ena lusoli si lotayitsa nthawi chabe. Amayi a ku Palestine amapeta madiresi awo m'njira yotchedwa tatreez, ndipo kale munthu ankatha kudziwa dera limene mayi wachokera poona mapetedwe a diresi lake. Mu 2021 bungwe la UNESCO linaika tatreez pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kutetezedwa.

Zimene zimakhala m'paketi

Ofuna kuyamba amagula paketi yokhala ndi nsalu, ulusi, singano ndi patani. Singano yake ndi yobuntha kuti izilowa m'timabowo ta nsalu popanda kung'amba ulusi wake. Mapaketi ena amakhala ndi nsalu yodindidwa kale chithunzi, moti wopeta sachita kuwerenga.

Nsalu yofala ndi ya Aida, yolukidwa ndi thonje mooneka timabokosi, ndipo kampani yotchuka poipanga ndi Zweigart ya ku Germany. Nambala ya nsaluyi imasonyeza timabokosi topezeka pa inchi imodzi: 11, 14, 16 kapena 18. Apa ndi pamene ongoyamba kumene amaphonya kawirikawiri, chifukwa kukula kwa chithunzi kumadalira nambalayi. Patani ya timitanda 140 m'lifupi imatenga mainchi 10, pafupifupi masentimita 25, pa nsalu ya nambala 14. Pa nsalu ya nambala 18 patani yomweyo sifika mainchi 8. Amene wadula nsalu asanawerenge bwino angathe kupeta kwa miyezi n'kudzapeza kuti m'mphepete malo atha.

Ulusi umadziwika ndi manambala osati mayina a mitundu. Kampani ya DMC, imene inayamba mu 1746 ku Mulhouse, mzinda umene tsopano uli ku France, imagulitsa ulusi wa thonje m'timitolo ta mamita 8. Ulusiwu uli ndi tizingwe 6 totheka kulekanitsa, ndipo pa nsalu ya nambala 14 ambiri amapeta ndi tiwiri. Ulusi wakuda wa DMC ndi nambala 310, pamene wakuda wa Anchor ndi 403, choncho opeta amasunga matchati ofananitsa manambala a makampani.

Mapatani atsopano

Masiku ano mapatani ambiri amagulitsidwa pa intaneti ngati mafayilo a PDF, makamaka pa Etsy, ndipo opeta ena amawawerenga pafoni n'kumachonga malo amene amaliza. Palinso mapulogalamu a pakompyuta osandutsa chithunzi cha munthu kapena chiweto kukhala patani. Mapatani oterewa amavuta kupeta ngati munthu sanawakonze, chifukwa amadzaza ndi timitanda tapatokha ta mitundu yambirimbiri, ndipo kalikonse kamafuna kusintha ulusi.

Kufala kwa mafayilowa kwabweretsa vuto la kukopera mwakuba. Patani imodzi ingatengere wojambula milungu yambiri, koma ena amaitenga n'kuigulitsa m'mapaketi otchipa popanda chilolezo chake. M'mayiko ambiri malamulo a umwini wa zaluso amateteza patani monga amatetezera buku kapena chojambula.