Khungu ndi Ukazi pa Nchito ya Upolisi: Mbiri ya Amai Sislin Fay Allen

M'caka ca 1968, apolisi a mumzinda wa London analemba nchito Amai Sislin Fay Allen, mbadwa ya ku Jamaica. Iwo ndiwo anali mkazi woyamba wakuda kukhala wapolisi m'dziko la Britain. Olemba mbiri amakonda kuyamikira mau akuti "woyamba", koma tifunika kufunsa kuti mai ameneyu analowa m'nyumba yotani.

Asanalowe upolisi, Amai Allen anali namwino pa cipatala ca Queen's ku Croydon. Kuyambira m'caka ca 1948, akazi ambiri a ku zisumbu za Caribbean anali kusamalira odwala m'zipatala za Britain. Mkazi wakuda wopereka mankhwala anali wozolowereka, koma mkazi wakuda wokhala ndi mphamvu zomanga mzungu anali cinthu cacilendo. Ncifukwa cake makalata acipongwe anayamba kufika, ndipo akuluakulu ao anawabisira makalatawo. Caka comweco ndi cimene Enoch Powell analankhula ku Birmingham motsutsa anthu obwera kucokera kumaiko ena.

Tsankho laciwiri linali la ukazi. Bambo Norwell Roberts, wapolisi wakuda amene analembedwa m'caka ca 1967, anazunzidwa kwambiri ndi anzao a pa nchito, komabe anali m'gulu lalikulu la amuna. Akazi anali ndi nthambi yaoyao, malipiro ao anali ocepa, ndipo kawirikawiri anapatsidwa milandu ya ana ndi amai. Amai Allen anagwira nchito ku Croydon, pambuyo pake ku Scotland Yard mu ofesi yofufuza anthu osowa. Anasiya nchito m'caka ca 1972 nabwerera ku Jamaica, kumene anapitiriza upolisi. Nthambi ya akazi ku London inathetsedwa m'caka ca 1973, iwo atacoka kale.

Lipoti la Macpherson la 1999 linapeza kuti tsankho la khungu linazika mizu m'bungweli. Amai Allen anamwalira m'caka ca 2021, ndipo m'caka ca 2023 lipoti la Casey linapezanso tsankho la khungu pamodzi ndi kunyoza akazi. Motero wofufuza amene awerenga anthu akuda paokha ndi akazi paokha adzaphonya mkazi wakuda, cifukwa iye asenza mitolo yonse iwiri pamutu umodzi.