Mabungwe oyang'anira ogwira ntchito za umoyo m'boma la Mwanza

Munthu aliyense wopima odwala, wochiza kapena wopereka mankhwala pa chipatala cha boma cha Mwanza, ngakhalenso pa zipatala za ku Thambani, Kunenekude ndi Tulonkhondo, amayenera kukhala m'kaundula wa bungwe la ntchito yake. Mabungwewa ndi atatu, ndipo onse malikulu awo ali ku Lilongwe.

Medical Council of Malawi inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Imalembetsa madokotala, madokotala a mano ndi ma clinical officer, omwe ndiwo amasenza ntchito yambiri m'zipatala za m'maboma. Anamwino ndi azamba ali pansi pa Nurses and Midwives Council of Malawi, yomwe inayamba mu 1966 ndipo ikutsata lamulo la 1995. Ambiri mwa okhala m'makhonsolo amenewa ndi eni ntchito omwe, choncho mlandu wa namwino amauunika ndi anamwino anzake. Wolakwa amachenjezedwa, kuimitsidwa kapena kufufutidwa m'kaundula. Chiphaso chogwirira ntchito chimakonzedwanso chaka ndi chaka, mwini wake atasonyeza kuti wakhala akuwonjezera maphunziro.

Za mankhwala zili m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, yomwe lamulo la 2019 linaiika m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Kwa boma la m'malire ngati Mwanza, komwe katundu amalowa kuchokera ku Zobue, tsidya lina la malire, ntchito yovuta ili pamenepa: mapiritsi ogulitsidwa pamsika m'timapepala topanda dzina ndi oletsedwa, koma oyendera misika ndi ochepa.